Kamushafuti ya Agogo a Nzunga

Agogo a Nzunga tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Ine ndabwerera kusukulu, koma sindikutha kukhazikika. M'kalasi ndikungogwedeza mwendo pansi pa desiki, mpaka mnzanga wandifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndamuuza kuti ayi, ndi za kumtundu. Agogo nawonso sankatha kukhala. Ndiye ndati ndiwalembe, mwina mwendowu ungaleke.

Anali bambo awo a bambo anga, a Lazaro. Kwathu kwa Champiti akuluakulu ankawatchula mfunda wawo, a Nzunga. Ana tinkawatchula mobisa kuti Aikhona, mawu amene anabwera nawo kuchokera kumigodi, omwe ankakanira nawo chilichonse. Anali munthu wamfupi, wowonda, wovala ovololo yofwifwa, kansanza kakulendewera m'thumba lakumbuyo. Ankadya ataimirira. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumapeto, pafupi ndi chitseko, ndipo ulaliki ukatalika ankatuluka kukazungulira tchalitchi n'kubweranso. Galimoto ikamadutsa kumsewu ankasiya nkhani pakati, n'kupendeketsa mutu, kenako n'kunena matenda ake ngati sing'anga. Ankakonda kunena kuti chitsulo sichinama, amanama ndi amene wachimanga. Ankatinso munthu wokhala pansi amachita dzimbiri kuyambira m'mawondo.

Ine ankanditchula Nanzunga, ndipo akakondwa ankati mkazi wanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo. Koma ngakhale mkazi wawoyu sankaloledwa kukhudza galimoto yawo.

Galimotoyo inali yofiira, yamipando iwiri yokha, yopanda denga, yaifupi ngati yagwada. Anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo. Atatopa ndi mgodi anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri, m'galaja ya mzungu wina wochita mipikisano ya magalimoto, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira. Kwathu anthu ankaiseka. Galimoto yanji yosatha kunyamula ngakhale thumba la chimanga? Koma agogo sanaibweretsere chimanga. Mpando wachiwiriwo unali ndi mwiniwake, agogo aakazi Anaphiri, amene ankakhala kwawo ku Bwanje ndipo ankakana kubwerera. Zonse zimene agogo ankachita pansi pa mtengo wa mango, kumasula ndi kumanga, kutukwana ndi kupukuta, ankachitira kuti tsiku lina galimotoyo idzakwere chitunda cha ku Bwanje, Anaphiri ali pambali pawo.

Amene ankawaseka kwambiri anali a Chidzalo, mkulu wa mpingo, mwini ng'ombe ndi ngolo, yemwe nyumba yawo inali tsidya la munda wathu. Anawetera limodzi ng'ombe ali ana, anavinira limodzi ngoma ali anyamata. Wina anapita, wina anatsala. M'mawa uliwonse a Chidzalo ankadutsa ndi ndodo yawo n'kuima pafupi ndi mango uja.

"Mwadzuka bwanji, a Nzunga? Nanga wodwala wathu wagona bwanji?"

"Wodwala ndi inu, a Chidzalo. Mukutsokomola ngati lole ya fodya."

"Ndikutsokomola, koma ndikuyenda. Ng'ombe zanga zadya udzu wa ulere, zapita kumunda. Yanuyi yamwa petulo, ili pomwepa ngati mtondo."

"Aikhona! Mumadziwa chiyani inu? Munthu amene ulendo wake wautali ndi wa kudibi kokasambitsa ng'ombe!"

"Kudibi ndimapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ana anga amandidziwa nkhope."

Zikafika pamenepo agogo ankalowetsa mutu mu injini, a Chidzalo n'kumapita akuseka. M'mawa mwake ankabweranso.

Mawu amenewo ankapweteka chifukwa anali oona. Agogo anachoka bambo anga akukwawa, atalonjeza Anaphiri kuti adzabwera kudzawatenga pa galimoto. Anatchona. Anaphiri anadikira, kusamalira apongozi awo mpaka kuwaika m'manda, kenako anamanga mtolo n'kutsika wapansi kubwerera kwa makolo awo. Ana anatsala, poti ng'ombe za malowolo zinali zitaperekedwa. Amene anawaperekeza mpaka pamwamba pa chitunda anali a Chidzalo, ndipo ndi iwonso anaphunzitsa bambo anga kugwira khasu ndi kumanga goli. Bambo sanazolowere kunena kuti "bambo". Ankangoti a Nzunga, monga aliyense.

Za ulendo woyamba wa ku Bwanje ndinamva kwa Anaphiri eni ake, patapita nthawi. Agogo atangobwera kumudzi, imvi zili mbuu, anatsika ndi galimoto ija. Anaphiri anawayalira mphasa, kuwalonjera ngati alendo, n'kuwafunsa kumene achokera. Agogo atanena chimene abwerera, Anaphiri anayang'ana galimoto ija nthawi yaitali.

"Ndi imeneyi munkanena ija?"

"Ndi imeneyi."

"Ikwere kaye chitunda ndione."

Siinakwere. Inafika pakati n'kuyamba kuwira, kenako n'kumabwerera chafutambuyo. Amayi osenza mpunga ankaipitirira wapansi akugwira pakamwa. Anyamata ochokera kumsika ndi amene anaikankha mpaka pamwamba. Uthenga umene unawatsatira agogo unali waufupi: ikadzatha kukwera yokha, mudzabwere.

Munthu wina akanakwera basi n'kukapepesa. Bambo anawauza zomwezo kangapo.

"A Nzunga, amayi safuna chitsulo. Pitani mukakhale nawo pansi, mulankhule."

"Ndinati galimoto."

"Munanenanso zambiri."

"N'chifukwa chake. Chimodzi chokha chikhale choona."

Agogo ankangodziwa magalimoto a mpikisano, ndipo mankhwala awo a chilichonse anali liwiro. Ankati chitunda sachinyengerera, amachithamangira. Choncho anaitanitsa kamushafuti ya mpikisano kudzera kwa a Yusufu, eni golosale pamsika wa kumsewu, amene m'bale wawo ankayendetsa malole ochokera kumwera. Inafika m'chilimwe, ine ndili pa tchuthi, itakulungidwa m'chiguduli chamafuta. Tonse tinasonkhana kuti tione. Inali ndodo yachitsulo chabe, yotalika ngati mkono, yokhala ndi timitumbira tosalala ngati mazira. Agogo anatifotokozera kuti ndodoyo ikamazungulira, timitumbirato timatsegula ndi kutseka mavalavu, tizitseko topumira injini. Ya mpikisanoyi timitumbira take tinali tatikulu, kuti injini izipuma mozama. Woyendetsa lole uja anali atanena kuti chinthu chimenechi n'cha pa tala, sichikonda kuyenda pang'onopang'ono, ndipo chitunda chamiyala sichichidziwa. Agogo anati aikhona.

Masabata amene anatsatira pakhomo pathu panalibe mtendere. Anachotsa radiyeta ndi zivundikiro zonse. Tindodo tokankha mavalavu anatizika pa thunthu la nthochi, motsatana monga anatichotsera, kuti kalikonse kadzabwerere pamalo pake. Manati ndi mabawuti anawaika m'mbale za amayi, mpaka tinkadyera m'mbale imodzi ngati pa chaka cha njala. Analetsa kusesa pansi pa mango, kuopa kuti tsache lingatenge nati. Analetsa kupeta kumene kukuchokera mphepo. Nkhuku zinakhala m'khola masana. Tsiku lina kavuluvulu atabwera kuchokera kumunda, ndinawaona akuthamanga ndi bulangete n'kugona pa injini, fumbi likuwamenya kumsana. Amayi akabwera kokonzekera magule a chipani, atatopa, ankapeza bwalo lili ndi masamba n'kumangopukusa mutu.

Chimene chinawavuta chinali kulunjika. Pa magiya awiri akutsogolo panali timadontho tiwiri timene tinayenera kuyang'anizana, apo ayi injini ikanadziswa yokha. Maso awo sankationa. Anatembenuza mutu uku ndi uku, anayesa ndi kalilole, anatukwana m'zilankhulo za kumigodi. Potsiriza anawoloka munda kukabwereka magalasi a a Chidzalo. A Chidzalo anabwera nawo okha, n'kukhala pa muzu wa mango kuti aonerere.

"Magalasi amenewo amawerenga Mawu, a Nzunga. Musawazolowetse zonyansa."

"Lero aona chinthu chogwira ntchito."

"Imeneyi? Mwaitumbula, matumbo ali pa nthochi, chiwindi chili m'mbale. Sidzadzukanso. Ine ndidzafa ndisanaimve."

"Mudzaimva. Mudzatseka makutu ndi chipewa chanucho."

Timadontho tija tinayang'anizana. Agogo anabweza magalasi ali ndi chidindo cha chala chamafuta, ndipo a Chidzalo anadandaula nazo mpaka Lamlungu.

Atamanga zonse anatiitana, banja lonse, n'kutiuza lamulo. Kamushafuti yatsopano ikayaka koyamba, injini iyenera kuthamanga mwamphamvu osatsika, nthawi yokwana kuwiritsa mbatata mpaka kupsa. Ikatsika n'kumangoguguda, oyilo safika bwino pa timitumbira tija, ndipo chitsulo chimadya chinzake. Anati nthawi imeneyo wina asawaitane, ngakhale nyumba itapsa.

Batire inali itafa kale, choncho m'mawa wa tsikulo anasonkhanitsa amuna a m'mudzi kuti akankhe. A Chidzalo sanabwere. Tinamva kuti chifuwa chawagoneka, ndipo agogo anati akuthawa manyazi. Anakankhira galimoto kunjira yotsetsereka ya kudambo. Inatsokomola, inaphulika, utsi unatuluka, kenako inabangula. Sindinamvepo phokoso lotero. Mbuzi zinadula zingwe. Agogo anaizunguliza n'kuibweza pansi pa mango, kudumpha, kutsegula boneti, n'kugwira ndi dzanja kawaya ka mafuta kuti isatsike. Nkhope yawo inali ngati ya mwana. Ankafuula zinthu zimene palibe ankamva.

Mbatata zikanakhala zitangoyamba kutentha pamene mfuu inamveka. Poyamba tinkayesa ndi injini yomweyo. Kenako amayi anatembenuka, n'kugwira kumutu. Kulira kunkachokera tsidya la munda, kunyumba kwa a Chidzalo.

Kwathu mfuu ya maliro ikamveka, zonse zimaima. Wolima amasiya khasu, wosinja amagoneka munsi, wa wayilesi amazimitsa, wa njinga amatsika. Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, atavula zipewa. Bambo anafika pafupi n'kufuulira m'khutu la agogo.

"A Nzunga! Ndi a Chidzalo! Zimitsani!"

Agogo anayang'ana bambo, anayang'ana tsidya, anayang'ana dzanja lawo. Kenako anayamba kulekerera kawaya kaja pang'onopang'ono. Kubangula kunatsika, kunatsikabe, mpaka injini inangotsala ikuguguda motsimphina, gudu, gudu-gudu, gudu, galimoto yonse ikugwedezeka. Sanazimitse. Anapukuta manja ndi kansanza kaja, anavula chipewa, n'kuwoloka munda.

Azimayi analowa m'nyumba ya maliro, amuna anakhala panja. Agogo anawakhazika pafupi ndi khomo, poti anali mnzawo wa womwalirayo kuyambira kuubusa. Ndipo pakati pa nyimbo ndi kulira, pakakhala kachete pang'ono, tonse tinkamva kuguguda kuja kukuchokera kwathu. Ena anayamba kung'ung'udza. Ine mtima unkandiwawa chifukwa lamulo lija ndinalimva bwino. Ndinapita mogwada mpaka pamene agogo anakhala.

"Agogo, ija ikadayakabe. Ndiwauze bambo akazimitse?"

"Isiye, Nanzunga."

"Koma munati ikamaguguda choncho ikudzidya."

"Ndikudziwa zimene ndinanena." Sanandiyang'ane. "Anati adzafa asanaimve. Sanapite patali. Aimve."

"Nanga bwanji osakaithamangitsa monga munanenera?"

"Pa maliro? Ndine galu ine?"

Mkulu wina wa mpingo anafuna kutuma munthu, koma mawu anatuluka m'nyumba kuchokera kwa mayi amasiye, akuti asiyeni, awiriwa amadziwana okha. Choncho inagugudabe mpaka dzuwa linafika pamutu, petulo n'kutha. Itazima, agogo anatseka maso. Bondo lawo linagwedezeka tsiku lonse, koma sanadzuke. Kanali koyamba kuwaona atakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Maliro atatha agogo anakhetsa oyilo m'beseni. Ankanyezimira ngati mchenga wa kumtsinje. Anaika chala, kuyang'ana, n'kupukuta pa ovololo. Timitumbira tina tinali titadyeka. Kwa masiku angapo ankangoyendayenda kuchokera ku mango kupita kumsewu n'kubwerera. Kenako anatenga tizitsulo tawo toyezera, topyapyala ngati lumo, n'kukonza mipata ya mavalavu mmene akanathera. Galimoto inayenda, koma ikugogoda, yopanda mphamvu. Bambo anati tsopano mwina aleka. Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, agogo anavala jekete pamwamba pa ovololo n'kutsika ku Bwanje.

Nkhani ya maliro ija inali itafika kale kumeneko ndi ogulitsa mpunga. Ulendo uno Anaphiri sanayale mphasa, sananenenso zoti ikwere kaye. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mtolo, anamanga duku molimba, n'kukhala pa mpando uja mtolo uli pamiyendo. Agogo anabwerera m'mbuyo kutali kuti apeze pothamangira. Anaphiri akuti anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Galimoto inalowa m'chitunda ikubangula, miyala ikuthawa kumbuyo. Inapitirira pamene inafera ulendo woyamba. Inapitirira mtengo umodzi, ndi wina. Kenako inagogoda, inatsamwa, n'kuzima.

Anaphiri anatsika, kutola mwala, n'kuuika kuseri kwa tayala. Agogo anatsala atagwira chiwongolero.

"Tsikani, bambo a Lazaro. Dzuwa likupita."

"Ndinati pa galimoto."

"Ndakwera. Mafupa onsewa ndi mboni."

"Sinafike pamwamba."

"Ndamva kuti pa maliro a a Chidzalo munakhala pansi tsiku lonse. N'zoona?"

"N'zoona."

"Osadzuka?"

"Osadzuka."

"Ndiye mwina mwayamba kutha kukhala pakhomo. Nyamulani mtolowu."

Anafika kwathu wapansi, dzuwa litapendeka, agogo atasenza mtolo paphewa, Anaphiri ali patsogolo ngati munthu amene anangopita kudimba. Bambo anali akukonza khola. Anaimirira, nkhwangwa ili m'manja. Anaphiri anayang'ana bwalo lodzaza masamba n'kufunsa ngati pakhomo pano palibe tsache.

Galimoto inabwera m'mawa mwake itakokedwa ndi ng'ombe za a Chidzalo, mwana wawo akuziyendetsa, agogo atakhala pa chiwongolero nkhope ili gwa. Mudzi wonse unatuluka kudzaseka. Agogo anati ng'ombe yakumanzere ikufunika kuiona mavalavu.

Sindinganene kuti anasintha kwenikweni. Ankadyabe ataimirira, mpaka Anaphiri atawayang'ana. M'mawa uliwonse ankatsegulabe boneti, ndipo nthawi imene a Chidzalo ankadutsa ankadzutsa mutu n'kuyang'ana kunjira. Ankati adzaitanitsa kamushafuti ina, ndipo ulendo wotsatira akakwera chitunda chija mpaka pamwamba, ine ndili pambali, ndikadzakhoza mayeso. Koma madzulo ankakhala pakhonde ndi Anaphiri, akukangana za mbewu ya nyemba, bondo likugwedezeka, iwo ali pansi. Anakhala choncho mvula zingapo. Chifuwa cha kumgodi ndi chimene chinawatenga. Pa maliro awo ndinamva bambo akuuza alendo kuti "bambo anga anali makaniko," ndipo ndinatuluka panja chifukwa sindinathe kupirira.

Galimoto anaipereka okha akudwala, kwa mnyamata wina wa galaja ku boma, kuti isaolere pansi pa mtengo. Iye akuti ikhoza kudzayendanso, ndipo ine ndikukhulupirira kuti idzayenda. Anabwera kudzaikoka kutatsala masiku ochepa kuti agogo atisiye.

Ndisananyamuke kubwerera kuno ndinapita pansi pa mango. Pali njerwa zimene ankatsekera matayala, zili mmene zinalili. Pakati pake dothi ndi lakuda, lolimba, ndipo udzu sumera. Pa thunthu la mtengo pali msomali umene ankapachikapo ovololo. Thunthu la nthochi lija linauma kalekale, koma likadali pamenepo ndi timabowo take totsatana. Anaphiri amasesa bwalo lonse m'mawa uliwonse, kuyambira pakhonde mpaka kunjira, koma akafika pa njerwa zija tsache limazungulira. Masamba aunjikana pamenepo, ndipo nkhuku zayamba kupalasa. Ndinawafunsa ngati ndingawathandize kusesapo.

Anapitiriza kusesa, osadzutsa mutu.

"Pasiye, Nanzunga. Mwina pali nati."